Kuuma Si Kupsa: Chenjezo kwa Oumitsa Nyama Pakhomo

Kodi ndi liti pamene munadya nyama youma musanaiphike? Mwina kanali kachidutswa ka biltong kamene alamu anu anabwera nako kuchokera ku Joni. Mwina munachita kudzikonzera nokha, mbuzi ya pachinkhoswe itatsala yambiri, magetsi akuzimazima, firiji isakudalirika. Munaicheka timizere titalititali, n'kuwaza mchere ndi tsabola, n'kuyanika. Itauma gwa munalawa, n'kumva kukoma. Kenako munachita zimene munthu aliyense woleredwa bwino amachita: munagawirako anzanu, ana nawo munawanyemerako.

Pamenepo mpamene ndikufuna tikambirane, m'bale wanga, ndipo sindikunyengererani, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Nyama youma si nyama yakupsa. Kuumitsa kumachotsa madzi kuti tizilombo toyambitsa matenda tisaswane, koma sikupha tonse timene tinalowamo kale. Tina timangokhala phee m'nyamamo mpaka tsiku limene munthu adzaitafune. Ndipo amene amavulala kwambiri kawirikawiri si inu bambo kapena mayi wamphamvu zanu. Ndi mwana wanu wamng'ono, kapena agogo amene munawatumizira kaphukusi chifukwa chowakonda.

Anthu 11 ndi mbawala imodzi

Mu Novembala 1995, m'dera lina la chigawo cha Oregon ku America, anthu anayamba kudwala m'mimba motsatizana. A zaumoyo atafufuza anawerenga odwala 11. Mwa iwo, 6 anawapeza ndi kachilombo kotchedwa E. coli O157:H7 atawayeza, ndipo 5 enawo zizindikiro zawo zinkaloza komweko. Matendawa sanachokere ku lesitilanti yauve kapena ku butchala ya kumsika. Anachokera ku nyama youmitsa pakhomo, imene kumeneko amaitcha jerky. Mlenje anapha nyama ya m'tchire yofanana ndi mbawala, imene iwo amati deer. Itasendedwa ndi kudulidwa, mbali ina anaicheka timizere n'kuiika m'kamakina kamagetsi koumitsira zakudya, pa kutentha kwa madigiri 52 mpaka 57, kwa maola 12 mpaka 18.

Mwamva? Maola 12 mpaka 18. Amenewa sanali anthu aphuma. Anadikira theka la tsiku ndi kupitirira, ndipo nyama inaumadi.

Gulu la ofufuza, lotsogozedwa ndi William Keene wa ku nthambi ya zaumoyo ya Oregon, linalondola kachilomboka kubwerera kumene kanachokera. Linakapeza m'nyama youma imene inatsala. Linakapeza m'nyama yaiwisi ya mbawala yomweyo. Linakapezanso pa sowo imene anadulira nyamayo, ndi pa zidutswa za chikopa chake. Konseko kanali kofanana ndendende ndi kamene kanali m'matupi mwa odwala. Ofufuzawo analowanso m'nkhalango yapafupi kukatola ndowe za mbawala, ndipo mwa zitsanzo 32 zimene anayeza, 3 zinali nako. Zonsezi anazifalitsa mu 1997 m'magazini ya madokotala yotchedwa JAMA.

Koma chochititsa nthumanzi ndi chimene anachita pomaliza. Anatenga nyama ina ya mbawala n'kuipaka kachilomboka mwadala, kenako n'kumaiumitsa pa nthawi ndi kutentha kosiyanasiyana, mpaka kufika maola 10 pa madigiri pafupifupi 63. M'mayesero onsewo tizilombo tamoyo tinatsalamo ndithu.

Nkhani ndi imeneyo. Tsopano tione bwinobwino pamene panalakwika, chifukwa malo ake ndi awiri, ndipo onsewo inunso mumadutsamo.

Poyamba: mpeni ndi dzanja

Kwawo kwa E. coli O157:H7 ndi m'matumbo mwa ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nyama zina zobzikula. Chiwetocho sichidwala nako. Chimadya, chimanenepa, ubweya wake uli see. M'kati mwa mnofu wa chiweto chathanzi mumakhala moyera; uve umachokera ku ndowe zomata pachikopa ndi ku zam'matumbo. Amene amausamutsira pamnofu ndi dzanja lanu ndi mpeni wanu.

Takumbukirani mmene mbuzi imasendedwera pakhomo. Aipachika pamtengo wa mango, kapena aigoneka pamasamba a nthochi. Dzanja lamanzere lagwira chikopa n'kumakoka, lamanja likuyendetsa mpeni. Pakapita kanthawi osendayo watopa, manja asinthana, lija linagwira ubweya tsopano lagwira mnofu. Potumbula, nsonga ya mpeni yalasa thumbo pang'ono, madzi obiriwira ayenderera pantchafu. Wina wathira madzi a m'kapu, wapukuta ndi chikhatho, n'kunena kuti basi zayera. Mpeni womwewo angoupukutira pachikopa, n'kupitiriza nawo kudula nthiti ndi msana. Ndani wa ife sanaonepo zimenezi? Ndani sanachitepo?

Nyama yoteroyo ikalowa mumphika n'kubwata ola lathunthu, palibe mlandu, chifukwa moto umakonza zimene manja analakwitsa. Koma mukaicheka timizere kuti muumitse, mpeni uja umapaka uvewo pa kamzere kalikonse, mbali zonse ziwiri. Mukatinyika tonse m'beseni limodzi la mchere ndi zokometsera, kamzere kamodzi koipa kamapatsira tinzake tonse. Ndipo kachilomboka sikadikira kuti kachuluke: tizilombo tosakwana 100 tikhoza kugoneka munthu. Sitinunkha, sitisintha mtundu wa nyama, sitimveka pa lilime. Ku Oregon kachilomboka kanali pa chikopa ndi pa sowo. Kwanu kadzakhala pa mpeni, pa chikwanje, pa thabwa lodulira lomwe lija mumaduliraponso tomato ndi anyezi.

Kachiwiri: kufunda kosapha

Mwina mukudzifunsa kuti zingatheke bwanji nyama kukhala m'makina otentha maola 18, kachilombo osafa. Ganizirani za mtsuko wadothi. Madzi ake amakhala ozizira ngakhale mu Okutobala, chifukwa chinyezi chotuluka m'mbali mwa mtsukowo chikamauluka chimapita ndi kutentha. Nyama yaiwisi imachitanso chimodzimodzi. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mnofu ndi madzi, n'chifukwa chake kilogalamu yathunthu ikauma gwa sifika ngakhale theka. Maola onse oyambirira kutentha kumathera pa kuulutsa madziwo, nyama yeniyeniyo ili yozizirirapo kuposa mpweya woizungulira. Nambala imene mukuona pamakina ikunena za mpweya, osati za m'kati mwa nyama.

Pofika nthawi imene nyamayo yayamba kutenthadi, imakhala itauma kale. Apa ndiye pagona vuto, chifukwa kachilombo kakauma kamalimba. Kutentha kumene kukanakapha m'mphindi zochepa kali konyowa, tsopano sikukachita kanthu. Inu mumaganiza kuti mukukapha pang'onopang'ono, pamene mukungokasunga.

Ichi n'chifukwa chake nthambi ya zaulimi ya boma la America, USDA, imalangiza kuti nyama iyambe yatenthedwa mpaka m'kati mwake mufike madigiri 71, ya nkhuku madigiri 74, isanayambe kuumitsidwa. Ikatero ndi pamene iumitsidwe pa madigiri 54 mpaka 60 mosadukiza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, nalo limati kachilomboka kamafa chakudya chikatentha madigiri 70 mbali zake zonse. Dongosolo lake ndi limenelo: moto poyamba, kuumitsa pambuyo. Mukalitembenuza mwataya chitetezo.

Nanga inu mumaumitsira pati? Pa waya woyanikira zovala? Padenga la malata? Pansanja, pamwamba pa moto umene ukungofuka utsi? M'bokosi la babu ndi fani limene munaonera kwa anzanu? Ngati makina a ku Oregon, okhala ndi nambala yake yoyezera, analephera, kodi dzuwa lanu limene mtambo ukabwera lazilala lidzakwanitsa? Ndipo magetsi akazima pakati pa usiku, nyama idakali yonyowa, yofunda, yotsekeredwa m'bokosi, mukudziwa chimene chimachitika? Pakati pa madigiri 5 ndi 60 mpamene mabakiteriya ambiri amaswana, ndipo zinthu zikawayendera bwino chiwerengero chawo chimawirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. M'mawa magetsi akayaka mudzapitiriza kuumitsa, nyama idzaoneka bwino, koma simudzadziwa zimene zinachitika mumdimamo.

“Mchere ndi utsi zimapha zonse”

Mawu amenewa amamveka kawirikawiri, ndipo amene amawanena amawanena ndi mtima wonse. Tamvani nkhani ya m'chaka chomwecho cha matenda a ku Oregon aja. Mu Januwale 1995, mlenje wina anapha cougar, chilombo cha mtundu wa mphaka wamkulu, pafupi ndi Elk City m'chigawo cha Idaho. Ananyika nyamayo m'madzi amchere, kenako n'kuiwamba pautsi. Pambuyo pake anauza a zaumoyo kuti chowambiracho sichinatenthe kwenikweni, chinangofunda. M'milungu yotsatira anagawira anthu ena 14. Mwa anthu 15 amene anadya, 10 anadwala trichinellosis, matenda obwera ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timabisala m'mnofu wa nyama, ndipo munthu akatidya timakakhazikika m'minofu yake.

Mchere unalipo. Utsi unalipo. Chosowa chinali moto wokwanira. Ndipo taonani amene anadwala: anthu amene mlenjeyo anawakumbukira, n'kuwapatulira gawo. Mtima wopatsa ndiwo unayendetsa matendawo khomo ndi khomo.

Mchere umathandiza, viniga amathandiza, utsi umathamangitsa ntchentche ndi kukometsa. Zonsezi zimachepetsa tizilombo, koma kuchepetsa si kutha. Biltong ya ku South Africa saiphika, zoona, koma fakitale yodalirika imagwiritsa ntchito nyama yoyezedwa, mchere ndi viniga za muyeso wake, ndiponso chipinda chimene mpweya ndi chinyezi amaziyang'anira. Inu ndi mbuzi yosendera pansi pa mango, mchere wongowaza ndi dzanja, mukuganiza kuti mukuchita zofanana?

“Za ku America zimenezo”

Ayi, m'bale wanga. Mu 1992, chilala chitavuta kum'mwera kwa Africa, E. coli O157 anadwalitsa anthu masauzande ku Swaziland, dziko limene lero ndi Eswatini, ndi m'madera oyandikana nalo a South Africa. Ng'ombe zinkafa ndi chilala, ndipo ofufuza anapeza kuti kudya nyama ya ng'ombe ndi kumwa madzi osatetezedwa ndizo zinkayenderana ndi matendawo. Tinyongolotsi ta trichinellosis nato tapezekapo mu nguluwe ndi njiri za mu Africa muno. Kachilombo kena kotchedwa Salmonella ndiye osanena, kali paliponse pamene pali nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe.

Mwina muyankha kuti makolo athu akhala akudya nyama youma kuyambira kalekale, bwanji sanathe? Funso labwino, koma taonetsetsani zimene ankachita. Mayi akamafutsa masamba a khwanya kapena chisoso, amayamba wawawiritsa asanawayanike. Mnyamata wogulitsa mbewa m'mbali mwa msewu amazitumbula, n'kuziwiritsa m'madzi amchere, kenako n'kuziumitsa. Nyama yowamba imakhala pamoto weniweni wa makala, mafuta akuchucha. Koposa zonse, nyama youma ya kumudzi inali ndiwo. Ikatsika pansanja inkanyikidwa, n'kulowa mumphika, n'kubwata mpaka kufewa, mwina n'kutenderedwa ndi nsinjiro. Inkakumana ndi moto isanaume, kapena itauma, kapena konse kuwiri.

Chatsopano n'chakuti ife tayamba kuidya monga ilili: pa ulendo wa pabasi, poonera mpira, pocheza ndi anzathu madzulo. Ena mpaka amapatsa khanda lomera mano kachidutswa koti lizitafuna. Kwa makolo tatengako kuyanika, kwa alendo tatengako kudya osaphika, koma moto umene unkateteza makolowo tausiya m'njira.

Nyama imene moto sungaiyeretse

Pali nyama ina imene malangizo onse a kutenthawa sakuikhudza n'komwe, chifukwa siyenera kufika pampeni wanu. Ndiyo nyama yofa yokha. Anthu ambiri amaumitsa nyama pamene yapezeka yochuluka mwadzidzidzi, ndipo nthawi zina yapezeka chifukwa ng'ombe yagwa m'khola usiku, kapena mvuu yayandama pamtsinje.

Mu 2011, m'boma la Chama ku Zambia, mvuu zoposa 80 zinafa m'chigwa cha Luangwa. Anthu anakasenda, ananyamula, anagawana. Pofika Sepitembala, anthu 511 anali atadwala matenda otchedwa anthrax, ndipo 5 anamwalira. Ofufuza atafunsa anthu 284 a m'midzi yokhudzidwayo, 84 mwa 100 alionse anati anadyako nyama ya mvuu. Kudya, kunyamula ndi kukonza nyamayo, zonsezi zinkayenderana ndi kudwala. Chomvetsa chisoni n'chakuti 23 mwa 100 alionse anati akadzapezanso mvuu yakufa adzadyanso, ambiri a iwo chifukwa cha kusowa kwa chakudya. Munthu wanjala sitimuseka. Koma anthrax sasankha kuti uyu wadya chifukwa cha njala, uyu chifukwa cha nkhuli.

Kachilombo ka anthrax kakakumana ndi mpweya kamadzikuta m'chikhokho cholimba, ndipo kamatha kukhala m'dothi zaka makumi angapo. Dzuwa, mchere ndi utsi sizikachita kanthu. Mukaumitsa nyama yoteroyo mwangoipatsa mwayi woyenda ulendo wautali, kukafika kumsika wa kutali kumene wogula sakudziwa kuti chiwetocho chinafa bwanji. Nkhaniyi si yakale. Chakumapeto kwa 2018 mvuu zambiri zinafa ndi anthrax mumtsinje wa Shire ku Liwonde National Park. Mu Disembala 2023, WHO inalengeza kuti matendawa abuka ku Kenya, Malawi, Uganda, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo anthu oposa 1,100 ankaganiziridwa kuti adwala, 20 atamwalira.

Chiweto chikafa mwadzidzidzi, chikatupa msanga, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, musachitumbule, musachisende, agalu asachiyandikire. Itanani alangizi a ziweto. Ndipo mukamagula nyama youma yotchipa modabwitsa kwa munthu amene sakutha kukuuzani kumene inachokera, dzifunseni: n'chifukwa chiyani ikutchipa chonchi?

Zizindikiro zoti musazinyalanyaze

Zina zimaonekera pa nyama. Thyolani kamzere kokhuthala kuposa tonse, muone m'kati. Kunja kukhoza kukhala kwakuda, kolimba, konyezimira, koma pakati pali pofiira, pofewa, pomata zala mukakanikiza. Nyama yotero inauma chikopa chokha, ndipo chikopacho chatsekera madzi m'kati. Mukaiika m'pepala la pulasitiki n'kuona timadontho ta nthunzi m'mawa mwake, sinaume. Ikachita chuku, ikaterera, ikamveka kafungo kowawasa, ikakhala ndi timazira toyera ta ntchentche m'mikwingwirima, tayani. Musadule mbali yoipayo n'kusunga inayo.

Koma musaiwale kuti nyama ikhoza kukhala yopanda chilema chilichonse chooneka, n'kukhalabe ndi kachilombo. Choncho zizindikiro zodalirika kwambiri zili m'kakonzedwe kake. Kodi thumbo linaphulika potumbula? Kodi nyama inakhala padzuwa maola angapo isanathiridwe mchere? Kodi moto unangofunda? Kodi magetsi anazima? Kodi pali nthawi ina iliyonse imene nyamayi inatenthadi mpaka m'kati? Ngati funso lomalizali mukuliyankha mokayika, yankho lake ndi ayi.

Zina zimaonekera m'thupi, ndipo zimachedwa, mwakuti munthu amaiwala zimene anadya. E. coli O157:H7 amayamba kuvuta pakatha masiku 3 kapena 4, nthawi zina mpaka mlungu wathunthu ndi kupitirira. M'mimba mumapota koopsa, munthu amatsegula madzi, ndipo posakhalitsa amayamba kuchita chimbudzi chamagazi. Thupi nthawi zambiri silitentha kwambiri, ndipo zimenezi zimanyenga makolo kuti si zazikulu. Ambiri amachira pakatha mlungu umodzi. Koma mwa odwala 100 alionse, 5 mpaka 10 amagwidwa ndi vuto limene madokotala amati HUS, pamene poizoni wa kachilomboka amaononga magazi ndi impso. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi ana osakwana zaka 5 ndi okalamba.

Apa tcherani khutu, inu mayi, inu bambo. Vutoli limabwera patatha pafupifupi mlungu umodzi chiyambire kutsegula m'mimba, nthawi imene kutsegulako kwayamba kuchepa ndipo pakhomo mwayamba kupuma. Mwana akufooka, akungofuna kugona. Mukatsitsa chikope cham'munsi, m'kati mwayera. Thewera likukhala louma kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nkhope kapena mapazi ayamba kutupa. Mwana wotero si wodikira naye kuti kuche. Impso zikaima pamafunika makina osefera magazi, ndipo makina amenewo amapezeka m'zipatala zazikulu zochepa chabe.

Musathamangire kugolosale kukagula makapisozi. Pa matenda amenewa maantibayotiki akhoza kukulitsa chiopsezo cha impso, ndipo mankhwala oletsa kutsegula m'mimba, monga loperamide, amasunga poizoniyo m'matumbo. Mpatseni wodwala Thanzi ndi madzi otetezedwa, n'kupita naye kuchipatala. Sambani m'manja ndi sopo mukamusintha thewera kapena mukamuperekeza kuchimbudzi, chifukwa kachilomboka kamadumphanso kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake.

Salmonella amafulumira, kuyambira maola 6 mpaka masiku 6, ndipo amabwera ndi kutentha thupi, kupota ndi kutsegula m'mimba. Trichinellosis imayamba ndi mseru ndi kutsegula m'mimba masiku oyambirira, kenako pakatha milungu 2 kapena kuposerapo thupi limatentha, minofu imaphwanya, zikope ndi nkhope zimatupa. Ambiri angaganize kuti ndi malungo. Anthrax ya pakhungu imayamba ngati kachiphuphu koyabwa padzanja, pamkono kapena pakhosi, n'kusanduka chilonda chakuda pakati, chotupa m'mbali, koma chosapweteka kwenikweni. Kusapwetekako kusakupusitseni. Ya m'mimba imabwera ndi kusanza, mwina magazi, ndi kupweteka kwambiri m'mimba. Anthrax imachizika ndi mankhwala a kuchipatala munthu akafika msanga.

Ngati mukufunabe kuumitsa

Sindikukuletsani. Nyama youma ndi yokoma, ndipo kumene firiji kulibe ndi njira yanzeru yosungira ndiwo. Koma chitani mwadongosolo.

Yambani ndi nyama ya chiweto chimene chinaphedwa chili chathanzi, makamaka yoyezedwa ndi a zaziweto. Ngati thumbo linaphulikira pamnofu, nyama imeneyo ndi ya mumphika basi. Ya nkhumba, nguluwe ndi njiri musaidye youma yosaphika ngakhale pang'ono. Mpeni wosendera usakhale wochekera timizere musanautsuke ndi sopo ndi madzi otentha, chimodzimodzinso thabwa ndi manja anu. Chotsani mafuta onse, chifukwa mafuta sauma, amangosasa. Chekani timizere tosapitirira mamilimita 6 kukhuthala kwake. Ngati mukutinyika m'zokometsera kwa maola angapo, beseni likhale mufiriji, osati pawindo, ndipo madzi onyikirawo musawasunge kuti mudzagwiritsenso ntchito.

Kenako moto. Ikani timizereto m'madzi a mchere ndi zokometsera, abwate kwa mphindi 5, ndipo ngati muli ndi choyezera kutentha kwa chakudya, onani kuti m'kati mwafika madigiri 71. Tsanulani madziwo, yambani kuumitsa nthawi yomweyo, timizere tisagundane, ndipo musadukize mpaka titauma. Ngati mukuyanika panja, phimbani ndi neti kuti ntchentche zisatere. Kamzere kouma bwino mukakapinda kamang'aluka koma sikaduka pawiri, ndipo m'kati simukhala chinyezi. Ngati mwaumitsa kale musanawiritse, njira ina imene alangizi a zakudya ku America amaphunzitsa ndi kuika timizereto mu uvuni yotentha madigiri 135 kwa mphindi 10. Mukasowa zonsezi, chitani zimene agogo ankachita: iphikeni ngati ndiwo.

Inde, nyama yowiritsa kaye imasintha mtundu, ndipo kakomedwe kake sikafanana ndendende ndi ka biltong ya m'sitolo. Kodi kusiyana kumeneko mungakusinthanitse ndi impso za mwana wanu?

Ikazizira isungeni m'botolo louma lotseka bwino, pamalo ozizira, ndipo ithe pasanathe mwezi umodzi kapena iwiri. Musadalire firiji kuti ikuphereni tizilombo. Kuzizira kumangoimitsa mabakiteriya, sikuwapha, ndipo tinyongolotsi tina ta nyama za m'tchire sitifa ngakhale nyama itaundana. Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi onse amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chotsika, nyama youma yosaphika isawafike pakamwa, ngakhale atapempha.

Tsiku lina wina pakhomo panu akadzadwala mutadya nyama youmitsa nokha, musadzachite manyazi. Auzeni adokotala zimene munadya, tsiku limene munadya, ndi mmene munaikonzera. Yotsalayo musaitaye kudzala kumene agalu ndi ana angaitole. Imangeni bwino m'pepala, mwina a zaumoyo angafune kuiyeza. Ndipo tsiku lomwelo, musanagone, imbirani foni aliyense amene munamugawira, mmodzimmodzi, mumuuze kuti asadye ndiponso ayang'anire ana ake. Adzakudandaulani, mwina adzakunenani. Zimenezo n'zopepuka poyerekeza ndi kukhala chete, mwana wa mnzanu n'kukagonekedwa m'chipatala chifukwa cha mphatso yanu.